Sisitimu ya kompyuta mzipatala za boma, ndiye kuti mabuku akuchipatala akutha?

MayiWaKuBiwi:

Abale ndithandizeni kumvetsa nkhani iyi poti muno muli anthu ogwira ntchito mzipatala komanso odziwa za makompyuta. Ndakhala ndikumva kuti unduna wa zaumoyo ukufuna kuti mbiri ya wodwala aliyense izisungidwa pa kompyuta dziko lonse, akuti sisitimu yake ndi MaHIS, kuti olo utadwalira ku Karonga pomwe kwanu ndi ku Nsanje adokotala azingotsegula nkuona zonse, matenda omwe unadwalapo, mankhwala omwe ukumwa, zomwe anapeza ku labu ndi zina zotero. Ndiye funso langa ndi loti mabuku timagula pa geti la chipatala aja akutha kapena bwanji? Kunyumba kuno wosunga mabuku a banja lonse ndine, langa, la bambo akunyumba, a ana komanso la apongozi anga omwe ali ndi BP ndi shuga, ndipo lawolo sitinganenenso kuti ndi buku limodzi poti likadzadza amagula lina nkusokerera ndi ulusi pa lakalelo, pano lakhala chibuku chachikulu moti adokotala amangoona tsamba lomaliza basi.

China chomwe chikundisowetsa mtendere ndi chinsinsi. Buku ndimadziwa kuti lili mchikwama changa ndipo wowerenga ndi yekhayo amene ndamupatsa, nanga zikalowa mu kompyuta aziona ndani? Tauni ino ndi yaing'ono abale, kalaliki wa kuchipatala amatha kukhala neba wako kapena wa kwaya imodzi ndi iwe, ndiye iyeyo azitha kungolemba dzina langa nkuona kuti ndinapita ku family planning mwezi watha? Komanso ndamva ena akunena kuti wopanda chiphaso cha unzika sazilandira chithandizo, zoona zimenezo? Nanga ana poti alibe ID? Odziwa tiuzeni chonde, osati zongomva mu minibasi.

Kalaliki_wa_ART:

Achemwali, bukulo musataye, ndiyambe ndi zimenezo kaye. Ine ndagwira ntchito ya ukalaliki wa data ku kiliniki ya ma ARV kwa nthawi yaitali ndithu ndipo ndikuuzeni kuti nkhani ya makompyuta mzipatala za boma si yatsopano ngati mmene imamvekera pa wailesi. Inayamba mu 2001 ku Kamuzu Central, nthawi imeneyo chikutchedwa Lilongwe Central Hospital, pomwe a Baobab Health, bungwe lomwe anayambitsa a Gerry Douglas, anaika timakompyuta tongodina ndi chala pa sikirini polembera odwala ku mbali ya ana. Ma ARV aulere atayamba mu 2004 anthu anachuluka kwambiri moti kuwerengera pa mapepala kuti ndani wabwera, ndani wasiya mankhwala, ndani wamwalira inakhala ntchito yosatheka mzipatala zikuluzikulu, ndiye mu 2006 sisitimu ya ART, kutanthauza chithandizo cha ma ARV, inayamba ku Queens, kenako inafalikira ku zipatala zina monga Martin Preuss pa Bwaila ndi zipatala za m'maboma. Mu 2019 ntchito yosamala sisitimuyi anaitenga ndi a bungwe la EGPAF, ndalama zake za boma la America kudzera ku PEPFAR ndi CDC. Dzina la mwini ndalamayo mulisunge, ndibwereranso.

Mmene imayendera ndi chonchi, munthu akabwera koyamba timamulemba dzina, tsiku lobadwa, mudzi, T/A, boma, kenako kapulinta kamatulutsa sitika yokhala ndi nambala ndi timizere tija ta barcode, timamata pa buku lanu lomwelo. Mukabweranso timangosikana sitika ija dzina lanu nkutulukira, anesi alowetsa sikelo, afunsa mafunso awo, awerenga mapilisi omwe atsala mu botolo, sisitimu yokha iwerengera kuti mankhwala omwe mwalandira atha liti nkupereka tsiku lodzabweranso, kenako itulutsa kasitika kena ka zomwe zachitika tsikulo nkumatanso mbuku. Ndiye mukuona kuti olo komwe kuli makompyuta kale buku lija ndiye kiyi wotsegulira, silinathe ntchito ayi. Mzipatala zing'onozing'ono komwe odwala ndi ochepa amalembabe pa khadi la pepala timalitchula kuti mastercard lija, kalaliki amadzalowetsa mu kompyuta pambuyo.

Tsono vuto lenileni lomwe boma likulimbana nalo si kusowa kwa makompyuta koma kuti ma sisitimu alipowo salankhulana. Seva ya ART nthawi zambiri imakhala pachipatala pomwepo mkachipinda kokhoma, imadziwa anthu a pa kiliniki yomweyo. Munthu yemweyo akadwala malungo nkupita ku OPD, khomo lachiwiri kuchokera pomwe ndakhala ine, amakalembedwa mu rejisita ya pepala ngati mlendo. Ku sikelo ya amayi oyembekezera rejisita yawo, ku mateniti yawo, ku labu sisitimu yawo, ku famase nakonso zawo. Pakutha pa mwezi timawerenga ma rejisita onsewa ndi manja, kulemba lipoti, lipotilo nkukalowa mu DHIS2, sisitimu ya malipoti a zaumoyo yomwe dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2012, koma mmenemo mumalowa manambala okha, kuti malungo anali angati, obereka angati, mulibe dzina la munthu. Ndiye anthu akamamva kuti unduna uli ndi data pa kompyuta amaganiza kuti mbiri yawo ili ku Capital Hill, ayi ndithu, zomwe zili kumeneko ndi ziwerengero.

Apongozi anuwo ndi chitsanzo chabwino, BP ndi shuga analibe dona wamkulu wopereka ndalama ngati HIV, ndiye makiliniki ambiri a matenda amenewa akuyendabe ndi makhadi a pepala pomwe khomo loyandikana nalo lili ndi sikana ndi batire zosungira magetsi. Si kuti wina anawaiwala dala, koma yemwe anapereka ndalama ankafuna malipoti a matenda ake. MaHIS cholinga chake ndi chimenecho, kuti munthu alembedwe kamodzi, nambala imodzi, ndipo OPD, wodi, labu, katemera, ART zonse zizilowa malo amodzi. Ganizo lake ndi labwino kwambiri ndipo ife a ART timalifuna kuposa aliyense chifukwa timavutika ndi anthu osamuka osatenga kalata, munthu wachoka ku Mulanje wakagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kwathu timamulemba kuti wathawa mankhwala nkutuma anthu kukamusaka kumudzi, pomwe uko wakayezetsanso magazi nkuyamba ngati watsopano, munthu mmodzi wawerengedwa kawiri, uku wothawa uku watsopano.

Koma ndinati ndibwerera kwa mwini ndalama. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lakunja, ambiri mwa ife omwe malipiro athu amachokera ku mapulojekiti tinauzidwa kuti tikhale kaye kunyumba, ndipo apo mpomwe zinaoneka kuti wogula mapepala a sitika, wokonza seva ikafa, wolipira intaneti, onsewo sanali boma. Ndiye ine ndikamamva za sisitimu ya dziko lonse funso langa limakhala loti riboni ya pulinta ikatha adzagula ndani, chifukwa kupanga pulogalamu ana athu a ku Chanco ndi ku MUBAS amatha bwinobwino.

WaKabaza_25:

Kkkkk koma dziko ili. Upite kuchipatala mmamawa, ukhale pa benchi mpaka 2 koloko, ukafika pa windo akuuze kuti amoxicillin watha kagule ku famase mtauni, ndiye lero akuti tikugulireni kompyuta. Kompyutayo ndimwa? Ine ndimanyamula odwala tsiku ndi tsiku pa njinga kupita nawo kuchipatala, palibe ndi mmodzi yemwe anandidandaulirapo kuti vuto lake ndi buku, onse amadandaula mankhwala ndi mzere. Ndipo mudzaona, magetsi akadzathima azidzati bwerani mawa sisitimu ili down ngati mmene amachitira ku banki. Bola buku silifuna ESCOM. Izi ndi nkhani za ma workshop ku Mangochi ndi ma alawansi basi, tiyeni tizinena zoona.

Mlangizi_kuMudzi:

Achimwene a kabaza mwanena zoona theka, za mzere ndi magetsi sindikutsutsani, koma zoti mankhwala ndi data ndi nkhani ziwiri zosiyana apo ndiye ayi. Ine ndine HSA, ndimayendetsa village clinic kudera lomwe chipatala chili kutali kwambiri, ana osakwana zaka 5 amabwera kwa ine ndi malungo, kutsegula mmimba ndi chibayo. Kale LA, mankhwala a malungo aja, akatha ndimayenera kupalasa njinga kukafika ku health centre kukangomva kuti nawonso alibe, bwererani. Itabwera sisitimu ya cStock cha mu 2011 tinayamba kutumiza pa foni kuchuluka kwa LA, ORS, zinc ndi amoxicillin yemwe watsala, sisitimu imawerengera yokha zomwe ndikufunika nkudziwitsa a ku health centre, iwo akalongedza ndimalandira meseji kuti bwerani mudzatenge. Sikuti mankhwala anasiya kusowa, ngati ku Central Medical Stores kulibe ndiye kuti kulibe basi foni singapange mankhwala, koma pena mankhwala amakhala alipo mdziko muno, aunjikana pachipatala china mpaka kutha mphamvu pomwe china chilibe, chifukwa choti wogawa akugwiritsa ntchito lipoti la miyezi yapitayo. Komanso nkhani ya kuba mankhwala ija, ngati piritsi lililonse lotuluka pa windo likulembedwa pa dzina la wodwala weniweni, kumakhala kovuta kuti katoni isowe nkupezeka pa msika, mwina nchifukwa chake anthu ena mkatimo saifuna sisitimuyi.

Pano tili ndi iCHIS, sisitimu ya zaumoyo za m'midzi, anatipatsa ma tabuleti, timalemba nyumba ndi nyumba mdera lathu, anthu angati, pali chimbudzi kapena ayi, amamwa madzi a pa mjigo kapena pachitsime, mayi woyembekezera, mwana wabayitsa katemera uti watsala uti. Inamangidwa pa DHIS2 yomwe akunena a kalaliki ija ndipo anagwira ntchito yake ndi anthu athu omwe a ku University of Malawi limodzi ndi unduna. Ubwino wake imagwira olo popanda netiweki, umalemba tsiku lonse nkudzatumiza ukapeza netiweki, kwathu kuno ndiye kuti kukwera kaphiri kuseri kwa sukulu madzulo. Ndipo amayi a ku Biwi, ngati mukufuna kudziwa kufooka kwa pepala funsani anthu a ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje zomwe zinachitika ndi Freddy mu March 2023, anthu anathawa ndi zovala za mthupi zokha, mabuku akuchipatala anapita ndi madzi, munthu ali pa kampu akuti ndimamwa mankhwala tsiku ndi tsiku koma dzina lake sakulidziwa, akungoti timapilisi toyera tating'ono. Amene anali mu kompyuta zinali zosavuta kuwapezera mankhwala awo enieni.

Koma zovuta zilipo ndipo ndi zotopetsa. Choyamba timagwira ntchito kawiri, kulemba mu rejisita ya pepala chifukwa supavaiza akabwera amafuna kuona rejisita, kenako kulembanso zomwezo mu tabuleti, ndiye mayi ali ndi mwana wotentha thupi pamiyendo iwe uli kalikiliki kudina sikirini, amayamba kuganiza kuti uli pa WhatsApp. Kutchaja nakonso, sola ikafa umakalipira kwa wometa pa trading centre ndi ndalama ya mthumba mwako, bandulo ikachedwa kubwera data imangokhala mu tabuleti osatumizidwa, tabuleti ikasweka sikirini kudikira ina ndi nkhani ya miyezi. Anzathu achikulire ena omwe anayamba ntchito kale kwambiri foni ya touch ndi yachilendo kwa iwo, tireningi ya masiku ochepa siwakwanira, amadzangopatsa mwana wawo kuti awalowetsere, nanga chinsinsi chili pati pamenepo.

Mjomba_wa_IT:

Ndiyankheko za chinsinsi ndi ID poti enawa afotokoza bwino mbali inayo.

Amayi, mukuti buku limawerengedwa ndi amene mwamupatsa yekha, koma taganizirani bwino. Buku limakhala mnyumba, bambo akunyumba akhoza kulitsegula inu muli kumsika, apongozi akhoza kulipeza posaka china, pa mzere kuchipatala amatolera mabuku onse nkuwaunjika pa tebulo nkumaitana maina mokweza. Alipo amayi ambiri omwe amasunga mabuku awiri, lina loonetsa kunyumba lina lenileni lobisa kwa mnzawo, chifukwa cha zomwe zinalembedwamo za kulera kapena za magazi. Ndiye pepala nalo limaulula, kungoti limaulula kwa anthu a pafupi, mmodzimmodzi. Kompyuta ikaulula imaulula za anthu masauzande nthawi imodzi, kusiyana kwake ndi kumeneko.

Sisitimu yopangidwa bwino imayenera kuti aliyense akhale ndi akaunti yake ndi malire ake, kalaliki wa pa registration aziona dzina ndi mudzi basi osati zotsatira za magazi, wa ku famase aziona mankhwala omwe alembedwa, adokotala ndiye aziona zonse, ndipo aliyense wotsegula fayilo ya munthu zizilembedwa kuti wakuti anatsegula ya wakuti nthawi yakuti. Zimenezi kupanga kwake sikovuta. Chovuta ndi khalidwe lathu, pasiwedi imodzi wodi yonse, yolembedwa pa kapepala nkumata pansi pa sikirini, munthu anasamuka chaka chatha akaunti yake ikugwirabe ntchito, wina kujambula sikirini ndi foni nkutumiza pa gulupu kufunsa anzake maganizo dzina la wodwala likuoneka. Neba wanu wa kwaya uja akatsegula fayilo yanu ndi pasiwedi ya wina mudzamugwira bwanji?

Malamulo alipo tsopano. Data Protection Act inayamba kugwira ntchito mu 2024 ndipo woyang'anira ndi MACRA, nkhani za umoyo wa munthu zili mgulu la zinthu zofunika kutetezedwa mwapadera. Palinso lamulo la HIV and AIDS la 2018 lomwe limaletsa kuulula za magazi a munthu popanda chilolezo chake. Ndiye pa pepala ndinu otetezedwa, chatsala ndi kuona munthu woyamba kulangidwa kuti ena aope. Ndipo amene akuti zobera ma sisitimu ndi za kunja akumbukire kumayambiriro kwa 2024 pomwe kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata, a Chakwera ali pulezidenti anauza nyumba ya malamulo okha kuti sisitimu ya ku Immigration yalowedwa ndi akuba a pa intaneti omwe akufuna dipo. Pasipoti ukhoza kudikira mwezi, nanga munthu ali pa oxygen? Nchifukwa chake ine ndimati chipatala chilichonse chizitha kugwira ntchito pachokha intaneti ikaduka nkudzatumiza pambuyo, ndipo pulogalamuyo ndi ma seva zikhale mmanja mwa boma, osati kampani yoti mukasemphana pa malipiro imakuzimitsirani.

Za ID, chifukwa chomwe amaifunira ndi chomveka, mdziko muno a Banda ndi a Phiri obadwa pa 1 January ndi ambirimbiri chifukwa amene sadziwa tsiku lobadwa amangowalembera tsiku limenelo kapena pakati pa chaka, ndiye popanda nambala yapadera kompyuta imasakaniza anthu, ndipo kusakaniza mbiri ya odwala awiri ndi koopsa kuposa kusakhala ndi mbiri. NRB inalemba anthu oposa 9 miliyoni mu 2017 ndiye maziko alipo. Koma ID imaperekedwa kuyambira zaka 16, ana amadalira satifiketi ya kubadwa yomwe ambiri kumudzi alibe, kuli othawa kwawo ku Dzaleka, kuli abale athu a ku Mozambique omwe amaoloka malire kudzalandira chithandizo ku Dedza, Mulanje ndi Nsanje, kuli wangozi wobwera ali chikomokere. Sisitimu ya chipatala imayenera kupereka nambala yakeyake kwa aliyense, ID nkungolumikizidwa ngati ilipo. Ikadzakhala chiphaso cholowera pa geti ndiye kuti talakwitsa, ndipo wa TB wobwezedwa pa geti amakatsokomolera tonse mu minibasi.

Nesi_kuLeeds:

Moni nonse kumudzi. Ine ndinagwirako ntchito mzipatala za kwathu ndisanabwere kuno ku UK, ndiye ndingoti musaganize kuti azungu zinawayendera bwino. Kuno mu 2002 boma linayambitsa pulojekiti yaikulu yoti England yonse ikhale ndi sisitimu imodzi ya mbiri ya odwala, National Programme for IT, anapereka makontirakiti kwa makampani akuluakulu, mu 2011 anaithetsa itadya ndalama pafupifupi mapaundi 10 biliyoni osamaliza chomwe ankafuna. Chifukwa chachikulu chinali choti anapangira ku London osafunsa mokwanira madokotala ndi manesi omwe azidzagwiritsa ntchito, ndiye a HSA akudandaula zolemba kawiriwo boma liwamvere, sisitimu ikamachedwetsa nesi yemwe ali yekha ndi odwala 100 panja amaisiya basi nkubwerera ku cholembera, simungamuimbe mlandu.

Mpaka lero zipatala za kuno zili ndi ma sisitimu osiyanasiyana, chomwe chimatigwirizanitsa ndi NHS number, manambala 10 omwe munthu amapatsidwa pobadwa kapena akalembetsa kwa GP, dokotala wa mdera lake, komanso kachidule kotchedwa Summary Care Record komwe kamaonetsa mankhwala omwe munthu akumwa ndi omwe amamuwenga. Kachidule kameneko kokha kamapulumutsa anthu, ndipo kwathu tikanayambira pamenepo, munthu amene Bactrim anamutupitsapo thupi lonse asadzapatsidwenso chifukwa choti buku linatayika. Za chinsinsi kuno samasewera, ukatsegula fayilo ya munthu yemwe sukumusamalira, olo ya mwana wako kapena yako yomwe, zimaoneka ndipo ntchito ikhoza kutha mpaka kulandidwa laisensi. Koma akuba a pa intaneti nafenso amatipweteka, mu 2017 vairasi ya pa kompyuta yotchedwa WannaCry inasokoneza zipatala zambiri, mu 2024 anaukiranso kampani yoyeza magazi ku London maopaleshoni ambiri nkuimitsidwa, manesi anabwerera ku mapepala.

China chomwe sichinatchulidwe muno ndi zipatala za mishoni za CHAM, kumidzi yambiri chipatala chapafupi ndi chimenecho, ndi ma private omwe anthu amathawirako boma likasowa mankhwala. Ngati amenewo sali mu sisitimu ndiye kuti mbiri ya munthu izikhalabe yodukaduka.

MayiWaKuBiwi:

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri, a Mjomba za mabuku awiri zija mwandiseketsa poti ndikudziwa anthu otero kkkk. Ndiye a kalaliki tandiuzeni, apongozi angawa mwezi wamawa akubwerera kumudzi akakhale miyezi ingapo kukolola, mankhwala a BP ndi shuga azikalandirira chipatala cha kumeneko, ndichite chani kuti asakayambe nawo ngati munthu watsopano? Pa buku lawo pali sitika ya barcode yomwe anawamata nthawi ina atagonekedwa, ikagwira ntchito kumeneko?

WaKuChipata:

Tiloleni nafe a kuno ku Zambia tiikepo mau. Ife tili ndi SmartCare kuyambira kale, zaka pafupifupi 20 tsopano, nayonso inayambira ku ma ARV ndi ndalama za America kenako nkufalikira ku matenda ena. Anatipatsa kakhadi kokhala ngati ka ATM kuti uzipita nako kuchipatala chilichonse, manje anabweretsa ina yatsopano SmartCare Pro yodalira intaneti kuti zipatala zizionerana. Ikamagwira ndi yabwino zedi, sufunika kufotokoza nkhani yako kuyambira pachiyambi, koma zomwe akunena a kabaza zimachitikadi, chaka cha 2024 ndi load shedding ija ya chilala ku Kariba tinakhalapo pa mzere pa kiliniki ina kudikira kuti malaiti abwere, mpaka asisita anatulutsa mapepala nkuyamba kulemba ndi manja. Ndiye a Malawi muyambe mwaika sola musanagule makompyuta. Ndipo anthu a ku Mchinji ndi kuno timaolokerana pa Mwami tsiku lililonse, ena amalandira mankhwala mbali zonse ziwiri, ma sisitimu a maiko awiriwa sadziwana nkomwe.

Kalaliki_wa_ART:

Achemwali, musadalire sitikayo yokha. Ngati chipatala cha kumudziko chili ndi sikana pa registration ikhoza kutulutsa dzina lawo ndi mudzi, koma mbiri ya BP ndi shuga musayembekezere kuti ituluka, imeneyo ili pa khadi lawo ku kiliniki yomwe amapita kuno ndi mbuku mwawomo. Chochita ndi ichi, pa ulendo womaliza asananyamuke mupite nawo limodzi muwauze a clinical officer kuti mayiwa akusamuka kwa miyezi ingapo, awalembere mbuku momveka bwino matenda awo, dzina la mankhwala aliwonse ndi mlingo wake, BP ndi shuga wa tsiku limenelo, ngati nkotheka ndi kalata yosamutsira, ndipo mufunse ngati angawapatse mankhwala okwana nthawi yaitaliko poti ma health centre ang'onoang'ono mankhwala a shuga amasowasowa, makamaka ngati ali pa insulin yemwe amafunanso pozizira. Masamba ofunikawo muwajambule ndi foni yanu, ndi mapaketi a mankhwala omwe, kuti buku likanyowa kapena kutayika muzingotumiza pa WhatsApp kwa amene ali nawo kumudziko. Chibuku chosokereracho apite nacho chonse, asachotse akalewo, muli mbiri ya mankhwala omwe anayesapo nkuwasintha.

Ndipo chonde akakafika asakagule buku latsopano nkulembetsa dzina lina, agogo ambiri kuno analembetsa dzina la kwa amuna awo, kumudzi amakatchula la kwa bambo awo kapena la mfunda, tsiku lobadwa nalo lina, ndiye tsiku lomwe ma sisitimuwa adzalumikizidwe adzapezeka ali anthu awiri kapena atatu ndipo wodzakhala pansi kuwaphatikiza ndi ife makalaliki. Muwauze atchule dzina ndi tsiku lobadwa zomwe zili pa ID yawo kulikonse komwe apita. A kabaza, pa nkhani ya ma workshop ku Mangochi sindikuyankhani poti ma alawansiwo ife makalaliki satifika, amapita ndi mabwana, ife timangolandira tireningi ya pa foni.